Nsinjiro si Umphawi

Lacinayi lina m'mawa, pa pulogalamu yanga ya pa wailesi, ndinafunsa funso limene ndinkaliyesa la maceza cabe. Ndinati: "Amene akudziwa cidulo aimbe foni atiuze." Woyamba kuimba anali mtsikana wa ku sekondale. Anayankha mwaulemu ndithu kuti cidulo ndi matenda a mbuzi. Ndinaseka, mnzanga wa pa makina anasekanso, ndipo ndikhulupirira kuti m'midzi yambiri anthu anaseka nafe.

Kenaka anaimba mayi wina wacikulire wa kufupi ndi malire. Sanataye nthawi ndi moni wautali. Anati: "Bambo a pa wailesi, mwamuseka mwanayo. Nanga inuyo, sabata yonse ino mwakhala mukunena za caril, za verdura, za farinha. Cidulo akanacimva kuti? Mwana amatola zimene akulu agwetsa." Anadula foni. Ndinaika nyimbo msanga cifukwa ndinalibe coyankha.

Mayi aja ananena zoona, ndipo ndalemba nkhani ino kuti ndibweze ngongole yawo. Mfundo yanga ndi imodzi. Mawu athu a pamoto si zokongoletsa cinenero ayi. Liwu lililonse limasunga kaphikidwe: limakuuza coti utenge, coti ucotse, ndi nthawi yoti uphule. Tikamasinthanitsa mawu makumimakumi ndi mawu atatu kapena anayi a Cipwitikizi, kenaka n'kusinthanitsa nsinjiro ndi kapepala ka kaludo, sitikutukuka. Tikutaya nzeru, ndipo wolipira ndi mwana wa zaka ziwiri amene sangaimbe foni ku wailesi kudzadandaula.

Farinha ndi ufa uti?

Tiyambe ndi cimanga, poti kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga ndico cimatisunga. Pa Cipwitikizi, cimanga cikagayidwa ndi farinha basi. Kwa ife si conco. Mgaiwa ndi ufa wa cimanga cogayidwa cathunthu, osacotsa kanthu. Ufa woyera uli ndi ulendo wautali. Cimanga cimakonoledwa mu mtondo kapena ku cigayo kuti khungu lake licoke, n'kupetedwa pa licero. Njere zoyera zotsalazo ndi mphale. Mphale imaviikidwa m'madzi masiku awiri kapena atatu, imatsukidwa, imayanikidwa pa mphasa, kenaka imasinjidwa kapena kugayidwa. Zimene zimacoka popeta ndi madeya, ena amati gaga. Tizidutswa tolimba totsala posefa ndi misere, imene ena amaiphika ngati mpunga.

Kodi kusiyanitsa kumeneku kuli ndi phindu? Kuli nalo, ndipo ndi lalikulu. Njere ya cimanga ili ndi kamtima kumunsi kwake. M'kamtimamo ndi m'khungu ndi mmene muli mafuta ndi mavitamini ambiri. Pokonola, zambiri mwa izi zimapita ku madeya. Poviika, zina zimatsalira m'madzi amene timataya kuseri kwa nyumba. Simunaone mmene nkhumba yodya madeya imasalalira?

Tsono taganizani mlangizi wa zaumoyo ataimirira pa sikelo ya ana, akuwerenga pepala lolembedwa mu Cipwitikizi, n'kunena kuti phala la mwana liphikidwe ndi farinha de milho. Womasulira amati "ufa". Mayi amabwerera kunyumba n'kusankha ufa wabwino koposa umene ali nawo, woyera mbee, cifukwa mwana wake amamukonda. Palibe amene wanama, koma uthenga wafera panjira. Liwu limodzi loti "mgaiwa" likanakonza zonse.

Sindikunyoza ufa woyera. Umakhalitsa osanunkha cifukwa mafuta acoka, ndipo nsima yake pa ukwati palibe amaikana. Ndikunena kuti munthu wodziwa mayina onsewa amatha kusankha: woyera wa alendo, mgaiwa wa phala la mwana. Wodziwa farinha yokha alibe posankha.

Nsima nayo ndi cimodzimodzi. Cipwitikizi ca kwathu kuno cinalandira dzina loti xima, koma nchito zake zonse cinazisiya panja. Ife timatereka mphika pa mafuwa. Madzi akafunda, asanawire, timathira ufa pang'ono kuti likhale phala. Ukathira ufa m'madzi owira kale, nsima imacita mibulu. Phala liyenera kuwira mpaka lipse, apo ayi nsima yako idzanunkha ufa wauwisi ngakhale uivundule mpaka phewa kuwawa. Likapsa, timawonjezera ufa pang'onopang'ono, tikuvundula ndi mthiko, kenaka timaomola ndi cipande coviika m'madzi, mtanda umodziumodzi. Zomatirira pansi pa mphika ndi nkhoko. Yogona mpaka m'mawa ndi mkute. Mwana wanga wina anauchula kuti resto, ngati kuti ndi zotaya. Mkute si zotaya. Ambiri a ife tinamaliza pulaimale ndi mkute wowocha pa makala m'mimba.

Verdura ndi masamba ati?

Pitani pa msika wa ku Ulónguè, ku Calómuè kapena ku Lizulu mufunse verdura. Adzakulozerani kabici ndi couve, zogula mbewu ku sitolo, zofuna feteleza ndi mankhwala. Koma makolo athu anachula tsamba lililonse ndi dzina lakelake, losiyana ndi la mbewu yake. Masamba a maungu ndi nkhwani. A nyemba ndi khwanya. A khobwe ndi citambe. A mbatata ndi kholowa. A cinangwa ndi cigwada. N'cifukwa ciani anavutika kupereka mayina awiriawiri? Cifukwa ankadziwa kuti munda umodzi umadyetsa kawiri: masamba poyamba, pa nthawi imene nkhokwe yapepuka, ndipo zokolola pambuyo. Palinso zomera zokha, zosafuna ndalama ya munthu: cisoso, bonongwe, luni, denje. Lero mnyamata wopalira m'munda amazizula zonsezi n'kuzichula udzu, madzulo n'kupempha ndalama ya kabici.

Dzina lililonse limabwera ndi lamulo lake. Nkhwani umayamba wausadzula, kucotsa ulusi wolimba wa pa phesi ndi m'mitsempha ya tsamba, apo ayi umakanda pakhosi. Bonongwe ndi kholowa sizifuna moto wautali, n'zongofwafwaza, ndiye kuti kuphika mwacangu m'madzi ocepa kuti zisataye mtundu wake wobiriwira. Luni ndi wowawa, conco ena amamusakaniza ndi masamba ena kapena amataya madzi oyamba. Cigwada ndiye cosaseweretsa. Masamba a cinangwa ali ndi poizoni, makamaka a cinangwa cowawa, ndipo n'cifukwa cake amasinjidwa mu mtondo mpaka afewe ndi kuwiritsidwa nthawi yaitali. Mtsikana amene anangophunzira kuti verdura yonse imaphikidwa mphindi zocepa kuti mavitamini asafe, akafwafwaza cigwada adzadwalitsa banja lonse. Apa si nkhani ya kukonda cinenero. Ndi nkhani ya kucipatala.

Ana a sukulu akaona cigwada amati matapa. Matapa ndi cakudya cabwino ca abale athu a kumwera ndi a m'mbali mwa nyanja, cophikidwa ndi kokonati, nthawi zina ndi nkhanu za m'nyanja. Koma kuno kumapiri kokonati samera. Tikamachula cigwada cathu ndi dzina la ndiwo ya kwina, posacedwa tidzayamba kuganiza kuti cathuci ndi matapa operewera.

Nanga mfutso? Pa dzinja masamba amaculuka mpaka kuola. Amayi athu ankawafutsa: kuwawiritsa pang'ono, kuwayanika mpaka aume gwa, n'kuwakulunga m'cikwatu ca masamba a mtengo comangidwa ndi luzi, n'kucipacika kudenga pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse tizilombo. M'cilimwe, dziko litauma, wopanda dimba ankamasula cikwatu n'kudya ndiwo ngati wina aliyense. Lero mfutso wasanduka camanyazi. Ndaona nyumba zimene m'mwezi wa Okutobala ana amadyera nsima madzi a kaludo ndi tomato mmodzi, pamene miyezi isanu ndi umodzi yapitayo nkhwani unkafota m'munda wopanda wouthyola.

Kutendera

Tsopano ndifike pa liwu limene landilembetsa nkhani ino. Nsinjiro ndi mtedza wosinjidwa ndi kusefedwa mpaka ukhale ufa. Kuthira nsinjiro m'ndiwo ndi kutendera. Nkhwani wotendera, cisoso cotendera, mfutso wotendera, phala lotendera. Mbatata kapena maungu zophika ndi nsinjiro ndi futali. Cipwitikizi cimafuna ciganizo cathunthu kuti cifotokoze zimene ife timanena ndi liwu limodzi, ndipo liwulo lilipo cifukwa ncitoyo inkacitika tsiku ndi tsiku.

Agogo athu sankadziwa dzina la vitamini iliyonse, koma taonani zimene ankacita. Masamba obiriwira kwambiri ali ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A, yoteteza maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Kuti thupi lizilandire bwino pamafunika mafuta. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Ndiye kuti mayi wotendera nkhwani waphatikiza m'mphika umodzi masamba, mafuta ndi zomanga thupi, zonse zocokera m'munda mwake, osatulutsa ngakhale metikali imodzi. Alangizi akabwera ndi phunziro la papas enriquecidas timakhala pansi mwaulemu, tikuwomba m'manja. Koma mukamvetsera bwino, akutiphunzitsa phala la mgaiwa lotendera. Akutibwezera cathu comwe, citavala dzina lacilendo.

Amene akuyesa kuti ndikukokomeza akumbukire nthawi ya nkhondo. Ine ndinali mwana, ndipo monga ambiri a inu tinawoloka malire, ife n'kukakhala kwa abale a amayi ku Dedza. Anthu a ku Moçambique othawira ku Malawi anaposa miliyoni imodzi nkhondo isanathe mu 1992. Cakudya cogawidwa kwa othawa cinali ufa, nyemba, mafuta ndi mtedza. Mu 1990 mtedza unasiya kufika kwa miyezi ingapo. M'caka cimeneco anthu athu oposa 18,000 okhala kumwera kwa Malawi anadwala pelagra. Awa ndi matenda a kusowa kwa vitamini yochedwa niacin: khungu la pakhosi ndi pa mikono, pamene pamawomba dzuwa, limada n'kusweka ngati lapsa, munthu amatsegula m'mimba, ndipo akakula matendawo mutu umasokonezeka. Nsima inalipo. Cimene cinasowa ndi mtedza. Amene ankapezako mtedza kapena nsomba, kapena anali ndi kadimba, ambiri anapulumuka.

Ndiye ndikamva mnyamata akunena kuti ndiwo zotendera ndi za osauka, za anthu olephera kugula mafuta, mtima wanga umawawa. Amayi ake enieni mwina anaona ndi maso awo zimene zimacitika mtedza ukacoka m'mbale.

Kapepala ka nkhuku

Cinalowa m'malo mwa nsinjiro n'ciani? Kapepala kokongola, kolembedwa caldo, kojambulidwa nkhuku yonenepa. Inu odziwa kuwerenga, katembenuzeni muone kuseri. Zosakaniza zimalembedwa kuyambira cocuruka koposa, ndipo pa mapepala ambiri liwu loyamba ndi sal, mcere. Zotsatira ndi zokometsera, ufa wolimbitsa, timafuta ndi utoto. Nkhuku ija, ngati ilimo n'komwe, ndi fungo lake cabe. Kaludo samanga thupi la mwana. Amanamiza lilime kuti m'mphika muli nyama pamene muli madzi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene pa Cipwitikizi timati OMS, limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza bwino. Tsono werengani za m'nyumba mwanu: kaludo m'nyemba masana, kaludo m'kabici madzulo, mcere wa m'manja pamwamba pake, ndipo tsiku lina nsomba ya cicoa yocokera ku Cahora Bassa, imene ndi yamcere kale. Kenaka timadabwa kuti matenda a kuthamanga kwa magazi, amene pano timangoti tensão, afika m'midzi mmene kale tinkawayesa a mabwana a m'tauni.

Coipa cina n'cakuti kaludo wapha kusiyana kwa ndiwo. Kale munthu wotseka maso ankadziwa kuti uyu ndi luni, ici ndi cisoso, ici ndi cipere ca nyemba zocotsa makoko. Lero nyemba, kabici, karapau, mazira, zonse zikukoma cimodzimodzi. Mwana woleredwa motero akalawa nkhwani wotendera amati mulibe kanthu. Lilime lake laphunzitsidwa cinenero cimodzi, ngati mmene pakamwa pake paphunzitsidwira.

Ndipo taonani malonda amene tikucita. Pa nthawi yokolola timagulitsa mtedza wonse kwa ogula oyendayenda pa mtengo wotsika, cifukwa aliyense akugulitsa nthawi yomweyo. Ndalamayo timagula mafuta a m'kabotolo ndi kaludo, pang'onopang'ono, caka conse. Tagulitsa cakudya n'kugula fungo. Dera lathu limachedwa nkhokwe ya Tete. Malole amacoka kuno atadzaza cimanga, nyemba ndi kacewere. Koma pitani pa sikelo mukaone ana. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2011 anapeza kuti ana 43 mwa 100 aliwonse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo wa 2022 ndi 2023 anapeza 37. Zifukwa zake n'zambiri: umphawi, malungo, madzi oipa, kubereka pafupipafupi. Sindikunena kuti kaludo yekha ndiye wolakwa. Koma mwana wa m'nkhokwe akamapinimbira, tisamangoloza kumwamba kuti mvula inavuta. Tiyang'anenso m'mphika.

Zimene anditsutsa nazo

Nditalankhula izi pa wailesi, ena anandiyankha, ndipo mayankho awo sindiwataya.

Mayi wina wacitsikana anati: "Abambo inu mumatamanda mtondo cifukwa simunagwirepo munsi." Ananena zoona. Kukonola, kusinja, kusefa, kutola nkhuni, kutunga madzi, zonsezi zili pa msana wa mkazi, ndipo kaludo amangong'amba n'kuthira. Ine sindikuitanitsa kuti cigayo citsekedwe. Cigayo ndi dalitso, ndipo mgaiwa umene ndikuutamanda ndi mwana wa cigayo comweco. Koma ngati vuto ndi kutopa kwa amayi, mankhwala ake si kudyetsa ana mcere wa utoto. Mankhwala ake ndi akuti ife abambo ndi anyamata athu tiswe mtedza, tigwire munsi. Nsinjiro za masiku atatu zimasinjidwa pa kanthawi kocepa kuposa kamene timataya pa bawo. Mwamuna amene amafuna nkhwani wotendera koma amaona manyazi kusenda mtedza, asadandaule akapatsidwa madzi a kaludo.

Mphunzitsi wina anati mwana afunika Cipwitikizi kuti apambane mayeso ndi kupeza nchito, ndipo cinenero ciliconse cimabwereka. Izinso n'zoona. Ine ndemwe ndimadya cifukwa ndimatha zinenero ziwiri. Ndipo kubwereka si kwacilendo: mbatata ndi batata ya Apwitikizi, nanazi ndi ananás, pamene anyezi ndi kabici tinatola ku Cingerezi ca abale athu a tsidya lija. Cinthu catsopano cikabwera ndi dzina lake, tilandire. Karapau ndi karapau, palibe cifukwa comupekera dzina. Cimene ndikukana n'kutaya mawu khumi olunjika n'kutenga limodzi losalunjika. Kubwereka khasu kwa mnansi ndi nzeru. Kutaya makasu ako khumi cifukwa la mnansi ndi lopaka utoto ndi ucitsiru. Ndipo kusakaniza kosaganiza kumasokoneza ngakhale zazing'ono. Mlongo wanga wokhala ku Tete anatuma mwana wa kumudzi kukagula cebola, ndipo mwanayo anabwera ndi tsabola wodzaza m'manja. Tinaseka, koma ndiwo za tsiku limenelo zinalibe anyezi.

Wacitatu anali mnyamata wophunzira za unamwino. Anati tsabola wakale sawawa, ndipo zina za makolo zinali zolakwika. Pamenepa ndimuvomereza kuposa mmene ankayembekezera, ndipo ndiyambe ndi cidulo comwe cija. Cidulo ndi madzi odonthezedwa pa phulusa la zitsononkho za cimanga, makoko a nyemba kapena a nthoci. Phulusalo limaikidwa m'ciwiya coboola pansi, madzi n'kuthiridwa pamwamba, ndipo odontha pansiwo ndiwo cidulo. Cimafewetsa masamba olimba ndipo ndico cimacititsa therere kuterera bwino. Soda wa ku sitolo amagwira nchito yomweyo. Koma cidulo kapena soda zikaculuka zimawononga mavitamini ena a m'masamba, conco n'zoyenera therere ndi masamba okhwima, osati ndiwo iliyonse. Mfutso woyanika pa mthunzi podutsa mphepo umasunga zabwino zambiri kuposa woyanika pa dzuwa lamphamvu. Mtedza wacuku, wowawa kapena wofota suyenera kulowa mu mtondo, cifukwa cuku cimeneco cili ndi poizoni wowononga ciwindi, ndipo cizolowezi cogulitsa mtedza wabwino n'kusinja wotsalira cithe. Mcere tigule wokhala ndi ayodini kuti tipewe cithokomiro. Ndipo mwambo womana ana mazira, kapena wopatsa abambo nyama yonse ana n'kutsala ndi msuzi, umenewo ufe ndithu, sindidzaulira.

Koma taonani: zonse ndakonzazi ndazikonza ndi mawu athu omwe. Ndanena cidulo, mfutso, cuku, therere, ndipo agogo a ku Domué andimva n'kutha kunditsutsa. Sungakonze cinthu cimene sutha kucichula. Namwino wodziwa mawuwa adzasintha kaphikidwe ka mudzi wonse. Wosawadziwa adzalankhula bwino, anthu adzawomba m'manja, ndipo m'mphika simudzasintha kanthu.

Tsono ticite ciani?

Lamulo lalikulu la dziko lathu, pa ndime 9, limati boma limalemekeza zinenero za dziko monga cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Mu 1993, pamene dziko linayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, Cinyanja ca kuno ku Tete cinali cimodzi mwa ziwiri zoyamba, pamodzi ndi Xichangana ca ku Gaza. Conco palibe amene watiletsa. Tikudzimana tokha.

Kwa aphunzitsi: phunziro la zakudya lisathere pa zithunzi za maapulo ndi mkaka wa m'bokosi. Tumani ana akafunse agogo awo mayina khumi a ndiwo ndi kaphikidwe kake, abwere nawo masambawo m'kalasi, alembe dzina la Cinyanja ndi la Cipwitikizi pambali pake. Pamene Cipwitikizi cilibe liwu, alembe kuti cilibe. Mwana adziwe kuti cinenero ca amayi ake cili ndi zimene buku lilibe.

Kwa a zaumoyo ndi a mabungwe: musanapite kumudzi, khalani pansi ndi amayi awiri kapena atatu acikulire mumasulire nawo uthenga wanu. Musanene "ufa" pamene mukutanthauza mgaiwa. Musanene "masamba" pamene mungathe kunena bonongwe. Musabweretse dzina latsopano la cinthu cimene cili ndi dzina kale.

Kwa alimi anzanga: pokolola, patulani mtedza wa m'nyumba coyamba, wabwino, musanaone nkhope ya wogula. Wogulitsa ukhale wotsala. Ndipo dzinja likubwerali, nyumba iliyonse ipacike cikwatu ngakhale cimodzi.

Kwa amayi ndi abambo: kaludo sindikuti mumuthamangitse ngati mfiti. Koma mudziwe kuti ndi mcere, mumuthire ngati mcere, ndipo m'phala la mwana asalowemo. Mukamaphika, chulani zimene mukucita mwana akumva. "Bwera undithandize kusadzula." "Tenga licero upete." "Phala lapsa, patse mthiko." Anyamata nawonso amve. Sukulu ya mawu amenewa ilibe khomo lina koma pa mafuwa.

Kwa ife a pa wailesi, ndiyambe ndi ine. Takhala tikuthira Cipwitikizi m'Cinyanja ngati mmene ena amathirira kaludo m'ndiwo, kuti timveke ophunzira, mpaka zonse zikumveka cimodzimodzi. Ndalonjeza mayi aja, ngakhale dzina lawo sindinalifunse, kuti pa pulogalamu yanga ndiwo zidzakhala ndiwo, ndipo iliyonse idzachulidwa ndi dzina lake.

Mawu amene ndalemba muno si onse. Sindinakhudze za thobwa ndi cimera, za kuwamba nyama, za bowa ndi mayina ake, za nkhali, mtsuko ndi phale lokazingira. Ndiponso ndikudziwa kuti cimene ku Ulónguè timachula mwakuti, ku Furancungo kapena kwa abale athu a ku Niassa angacichule mwina. Zimenezo si vuto, ndi cuma. Lembani zanu, mubweretse ku bungwe lathu kapena muimbe foni, tizisonkhanitse acikulire odziwa adakali moyo.

Lacinayi likubwerali ndidzafunsanso funso lina la pamoto. Mwana akadzalakwa kuyankha, sindidzaseka. Ndidzamufunsa kuti kwawo amaphika ndani, ndipo ndidzamutuma akakhale pafupi ndi mphika madzulo amenewo.